Makompyuta olosera mvula akayamba kudikirana

Mwezi wa Novembala ukafika pakati, alimi a fodya kwa Wimbe m'boma la Kasungu amakhala maso ali kumwamba. Mbande zimene adafesa pa nazale m'mphepete mwa dambo zimakhala zakula, mizere m'munda itaungidwa kale, ndipo funso limatsala limodzi: kodi mvula yagwa usiku wathawu ndi yowokerera kapena yongonyenga? Wowokera msanga, kukachita ng'amba ya masabata awiri, mbande zimapserera, ndipo madzi onse amene adasenza pothirira nazale amapita pachabe. Wochedwa nayenso amapeza mbande zitakalambira pa nazale, fodya wake n'kukafika kumsika wa Chinkhoma wopanda sikelo.

Anthu a deralo amadziwa kuwawa kwa mvula yosalongosoka. Njala ya 2001 mpaka 2002 idasautsa kwambiri boma la Kasungu, ndipo akuluakulu ambiri sadaiiwale. N'chifukwa chake ulosi wochokera ku nthambi ya boma yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili mumzinda wa Blantyre, umamvetseredwa mwachidwi ukamawerengedwa pa wailesi kapena ukafika pa foni.

Ulosi wa masiku ano umayambira m'masamu. Akatswiri a zanyengo m'dziko muno, monga anzawo a m'maiko ena, amaphatikiza zimene ayeza m'masiteshoni awo ndi zotsatira za mapulogalamu akuluakulu amene amawerengera kayendedwe ka mpweya pa dziko lonse. Mapulogalamu amenewa sayenda pa kompyuta imodzi. Amayenda pa makompyuta mazana kapena zikwi amene amatumizirana mauthenga mosalekeza. Uthenga umodzi ukasowa, gulu lonse likhoza kuima chilili, osapereka yankho, osanenanso kuti lalephera. Vuto limeneli ndi limodzi mwa mavuto amene amazunguza mitu kwambiri akatswiri a makompyuta otere, ndipo pa zanyengo limapweteka mwapadera, pakuti ulosi wa mawa ukatuluka mkuja ulibenso ntchito.

Mutu umodzi susenza denga

Ganizo logawana ntchito yolosera nyengo ndi lakale kuposa makompyuta. Mchaka cha 1922, katswiri wa masamu wa ku Britain, Lewis Fry Richardson, adasindikiza buku lofotokoza momwe nyengo ingaloseredwe pogwiritsa ntchito masamu. Iye adayesa yekha ndi pensulo kuwerengera nyengo ya maola 6 okha a tsiku la 20 Meyi 1910. Ntchitoyo idamutengera masabata angapo ndipo yankho lidatuluka lolakwika. Ataona kukula kwa ntchitoyo, adalingalira za holo yaikulu yokhala ndi anthu 64,000, aliyense akuwerengera kadera kake ka dziko n'kumaonetsa mayankho ake kwa oyandikana naye. Pakati pa holoyo padayenera kukhala woyang'anira wounika ndi nyali anthu amene athamanga kwambiri komanso amene atsalira, kuti onse aziyendera limodzi.

Holo ya Richardson sidamangidwe, koma kachitidwe kake ndi kamene kakugwira ntchito lero. Ulosi woyamba wa pa kompyuta udachitika mu 1950 pa makina otchedwa ENIAC ku United States. Lero bungwe la maiko a ku Ulaya lolosera nyengo la ECMWF lili ndi makompyuta ake mumzinda wa Bologna ku Italy, amene adayamba ntchito mu 2022, ndipo pulogalamu yake imadula mlengalenga m'tizigawo ta makilomita pafupifupi 9 m'lifupi, tosanjikizana magawo 137 kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Kuno kummwera kwa Africa, likulu la makompyuta amphamvu la CHPC mumzinda wa Cape Town lidakhazikitsa makina otchedwa Lengau mu 2016.

Makina oterewa ndi gulu la makompyuta olumikizidwa ndi nthambo za netiweki. Gululo amalitcha cluster, ndipo kompyuta iliyonse ya m'gululo amaitcha node. Pulogalamu imodzi imagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse n'kukhala ngati wantchito wokhala ndi nambala yake, kuyambira 0 kukwera m'mwamba. Wantchito aliyense amapatsidwa dera lake pa mapu.

Koma mphepo sidziwa malire. Wantchito amene akuwerengera mlengalenga wa ku Kasungu sangadziwe za ola likubwerali asadamve zimene zikuchitika kumalire ake ndi Mzimba, Nkhotakota, Dowa ndi Mchinji, pakuti chinyezi chochokera ku Congo kapena kunyanja chimadutsa m'maderawo chisadafike kwa Wimbe. Choncho akamaliza sitepe imodzi ya masamu, antchito oyandikana amasinthana manambala a m'malire mwawo, kenaka n'kupita pa sitepe yotsatira. Ngati sitepe imodzi ikuimira mphindi zisanu, ulosi wa masiku khumi umafuna masitepe 2,880, ndipo pa sitepe iliyonse wantchito aliyense amatumiza ndi kulandira mauthenga angapo.

Malamulo a katumizidwe ka mauthengawa amatchedwa MPI. Akatswiri a m'mayunivesite, m'malo a kafukufuku ndi m'makampani adagwirizana za malamulowa ndipo adawasindikiza koyamba mu 1994. Mapulogalamu odziwika amene amawatsata ndi MPICH ndi Open MPI. Pulogalamu yolosera nyengo ya WRF, imene nthambi za zanyengo ndi mayunivesite ambiri mu Africa amagwiritsa ntchito chifukwa ndi yaulere, imadalira MPI ikamayenda pa makompyuta ambiri.

Kuima kopanda phokoso

Pulogalamu ikagwa, imasiya uthenga wonena pomwe yagwera, ndipo wokonza amadziwa poyambira. Ikaima chifukwa chodikira uthenga, siisiya chilichonse. Lamulo la MPI lolandirira uthenga lilibe malire a nthawi: wantchito akauzidwa kuti adikire uthenga wochokera kwa mnzake, amadikira mpaka utafika, ngakhale patapita tsiku lathunthu.

Chosocheretsa china n'chakuti makompyuta odikirawo amaoneka ngati ali kalikiliki. Mapulogalamu ambiri a MPI amadikira pofunsa mobwerezabwereza ngati uthenga wafika, kotero woyang'ana amaona purosesa iliyonse ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, mafani akulira, magetsi akudyedwa. Chizindikiro chokha chakuti zinthu zaima n'chakuti mafailo a zotsatira asiya kukula.

Zimene zimayambitsa vutoli zili m'magulu awiri. Zina zili m'kalembedwe ka pulogalamu, pamene antchito agwirizana molakwika za amene ayambe kulankhula. Zina zili panjira, pamene uthenga watumizidwa bwinobwino koma sudafike. Ntchito yoyamba ya wofufuza ndiyo kusiyanitsa magulu awiriwa, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Onse akufuna kupereka, wolandira palibe

Kulakwitsa kofala kwambiri ndi kwa antchito awiri oyandikana amene alembedwa kuti aliyense ayambe watumiza, kenaka alandire. Zili ngati anthu awiri akumana pachigafa, aliyense atanyamula dengu la fodya ndi manja onse awiri, aliyense akufuna kupatsira mnzake. Palibe amene angalandire asadatule lake, ndipo palibe amene angatule lake mnzake asadalandire. Kudikirana kosatha kumeneku pa Chingerezi amati deadlock. Mu 1971 katswiri wina, Edward Coffman, ndi anzake adaonetsa kuti chimodzi mwa zinthu zofunika kuti vutoli lichitike ndi mzere wozungulira wa odikirana: woyamba akudikira wachiwiri, wachiwiri akudikira wachitatu, ndipo wotsiriza akudikira woyamba uja.

Chodabwitsa n'chakuti pulogalamu yolembedwa chonchi ikhoza kuyenda bwino kwa miyezi. MPI ili ndi njira ziwiri zoperekera uthenga. Uthenga waung'ono uli ngati kalata: wotumiza amauponya pansi pa chitseko n'kumapita, ngakhale mwini nyumba palibe. Uthenga waukulu uli ngati belo la fodya: sungalisiye pakhomo, uyenera kudikira mwini wake atuluke, akonze malo, alilandire. Malire a pakati pa kalata ndi belo amasiyana malinga ndi pulogalamu ya MPI komanso njira imene uthenga ukudutsa. Mu Open MPI, mwachitsanzo, malirewo amakhala pafupifupi makilobaiti 4 pakati pa antchito a m'kompyuta imodzi, ndi pafupifupi makilobaiti 64 pa netiweki wamba. Choncho wophunzira amene adayesa pulogalamu yake pa kadera kakang'ono sadaone vuto, chifukwa mauthenga onse adali makalata. Tsiku limene adakulitsa dera, kapena kusamutsira ntchitoyo pa makina ena, makalata aja adasanduka mabelo ndipo zonse zidaima.

Njira yovumbulira kulakwitsa kumeneku ilipo. Lamulo la MPI_Send likasinthidwa kukhala MPI_Ssend, uthenga uliwonse, ngakhale waung'ono, umadikira wolandira. Pulogalamu imene yaima itasinthidwa chonchi idali ndi vuto kuyambira kale, kungoti lidabisala. Mankhwala ake ndi atatu. Oyamba ndi kugwiritsa ntchito MPI_Sendrecv, lamulo limene limapereka ndi kulandira nthawi imodzi. Achiwiri ndi kupatsana mpata: antchito a manambala 0, 2, 4 ayambe kutumiza pamene a manambala 1, 3, 5 akuyamba ndi kulandira. Achitatu ndi kugwiritsa ntchito malamulo osadikira a MPI_Isend ndi MPI_Irecv, amene amalola wantchito kukonza malo olandirira ndi kuyamba kutumiza, n'kudzadikira zonse pamodzi pambuyo pake.

Kulakwitsa kwachiwiri ndi kwa adiresi. Uthenga uliwonse wa MPI umanyamula nambala ya wotumiza, ya wolandira, ndi chizindikiro chosiyanitsira mitundu ya mauthenga. Wolandira akamadikira uthenga wa chizindikiro 7 pamene wotumiza adalembapo 8, uthengawo umafika koma samauzindikira. Izi zimachitika kawirikawiri kwa antchito a m'mphepete mwa mapu, amene alibe mnansi mbali imodzi koma adalembedwa ngati ali naye.

Kulakwitsa kwachitatu kumakhudza ntchito za gulu lonse. Pali malamulo ena amene antchito onse ayenera kuchita pamodzi komanso motsatana mofanana, monga kuphatikiza manambala a onse kapena kugawira onse uthenga umodzi. Zili ngati msonkhano wa kalabu ya alimi umene sungayambe membala mmodzi asadafike. Wantchito mmodzi akadumpha lamulo lotere chifukwa manambala ake amutengera njira ina, anzake onse amakhala pamsonkhanopo mpaka kalekale. Chitsanzo chodziwika ndi cha wantchito 0, amene nthawi zambiri ndiye amawerenga mafailo. Akapeza kuti failo palibe n'kusiya ntchito osauza anzake, enawo amatsala akudikira zimene adayenera kuwagawira. Pulogalamu yolembedwa bwino imagwiritsa ntchito MPI_Abort pa nthawi yotere, kuti gulu lonse liime pamodzi ndipo chifukwa chake chidziwike.

Uthenga wasochera panjira

Pulogalamu imene imayenda bwino pa kompyuta imodzi koma n'kuima ikangogawidwa pa makompyuta awiri, nthawi zambiri vuto lake limakhala la panjira. Antchito a m'kompyuta imodzi ali ngati anthu a m'nyumba imodzi, amapatsirana zinthu pamanja. Antchito a m'makompyuta osiyana amadalira nthambo, maswitchi ndi maadiresi.

Chopinga choyamba chimapezeka ntchito isadayambe n'komwe. Pa magulu ang'onoang'ono, kompyuta yoyambitsa ntchito imalowa mwa anzake kudzera mu SSH. Ngati imodzi ikufunsa mawu achinsinsi, kapena ikufunsa ngati mlendoyo ndi wodalirika, funsolo limatha kubisika ndipo palibe amene amaliyankha. Ntchito imaima pakhomo.

Chachiwiri ndi mpanda wa chitetezo wotchedwa firewall. Kompyuta iliyonse ili ndi zipata zambirimbiri zokhala ndi manambala. SSH imadzera pa chipata 22, chimene oyang'anira amachisiya chotsegula, koma MPI imasankha zipata zina ntchito ikayamba. Mpanda ukatseka zipatazo, antchito amayamba bwinobwino, amalemba moni wawo, kenaka n'kuima pa uthenga woyamba, popeza mapulogalamu ena a MPI amatsegula njira yopita kwa mnzawo pokhapokha pamene akufuna kumutumizira kanthu. Mpanda wina umabweza uthenga n'kunena kuti wakana, ndipo vuto limadziwika msanga. Wina umangoutaya mwakachetechete, wotumiza n'kumayesabe. Mankhwala ake ndi kulola makompyuta a m'gululo kulankhulana momasuka pa netiweki yawo ya mkati, kapena kuuza MPI zipata zoti izigwiritsa ntchito n'kutsegula zokhazo.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa njira. Kompyuta imodzi imatha kukhala ndi njira ya nthambo, ya Wi-Fi, komanso njira zongopeka zimene mapulogalamu ena amapanga. Docker, mwachitsanzo, imapanga njira yotchedwa docker0 ndipo kawirikawiri imaipatsa adiresi yofanana pa kompyuta iliyonse. MPI ikaona adiresiyo imatha kuganiza kuti ndi msewu wopita kwa mnansi, pamene ndi kanjira kothera m'nyumba momwemo. Apa woyang'anira amayenera kuuza MPI dzina la njira yokhayo imene ikulumikiza gululo.

Chachinayi ndi maina. Kompyuta iliyonse ili ndi dzina, ndipo anzake amasandutsa dzinalo kukhala adiresi. Pa makompyuta a Ubuntu ndi Debian, failo ya /etc/hosts nthawi zambiri imalumikiza dzina la kompyuta ndi adiresi ya 127.0.1.1, imene tanthauzo lake ndi lakuti "kuno komwe". Kompyuta ikauza anzake kuti aipeze pa adiresi imeneyi, aliyense amagogoda pa chitseko chake chomwe. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa: uthenga wodutsa mwa mkhalapakati wosokonezeka sufika momwe udachokera.

Chachisanu ndi kukula kwa mapaketi. Netiweki wamba imanyamula mapaketi osapitirira mabaiti 1,500, koma ena amaikweza kufika pa 9,000 kuti zinthu ziziyenda msanga. Makompyuta akakwezedwa pamene switchi ya pakati sidakwezedwe, mapaketi ang'onoang'ono amadutsa koma aakulu amatayika. Zizindikiro zake zimafanana ndi za vuto la kalata ndi belo lija, kotero wofufuza wosadekha amataya masiku akusanthula pulogalamu yopanda vuto.

Chachisanu n'chimodzi ndi kusiyana kwa zida. Kompyuta imodzi ikakhala ndi mtundu wakale wa MPI, kapena ikakhala ndi MPICH pamene anzake ali ndi Open MPI, antchito samvana chilankhulo. N'chimodzimodzi ngati pulogalamu yakonzedwa pa kompyuta imodzi koma ena atsala ndi yakale.

Chotsiriza ndi kompyuta imene yafa ntchito ili mkati. Ili ndi vuto limene akatswiri a m'dziko muno sangalinyalanyaze. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzimazima kwa magetsi kudakula. Magetsi akaphethira, kompyuta imodzi kapena switchi imodzi imene ilibe batire losungira mphamvu imazima pamene zina zikuyakabe. Kompyuta yozima mwadzidzidzi sitsanzika. Anzake amatha kutenga mphindi zambiri asadazindikire kuti kulibe, ndipo amene akungodikira kulandira mwina sangazindikire n'komwe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akatswiri odziwa ntchito safufuza mwachisawawa. Amayamba ndi chinthu chaching'ono kwambiri, n'kumaonjezera chimodzichimodzi mpaka pamene zinthu zaima.

Poyamba amatsimikiza kuti ntchito yaimadi. Kompyuta imene memole yake yadzadza, kapena imene ikudikira disiki ya pa netiweki, imayenda pang'onopang'ono kwambiri ndipo anzake onse amayendera liwiro lake. Amayang'ana nthawi imene failo ya zotsatira idasintha komaliza, ndipo amalowa m'kompyuta iliyonse kuona ngati antchito onse alipo. Mmodzi akasowa, wofunika kufufuzidwa ndi iyeyo, osati odikirawo.

Kenaka amayesa njira popanda pulogalamu yaikulu ija. Amauza mpirun, lamulo loyambitsira ntchito za MPI, kuti kompyuta iliyonse ingotchula dzina lake. Izi zikakanika, vuto lili pa SSH kapena pa maina. Zikatheka, amayendetsa kapulogalamu ka mizere yochepa kamene kamapatsirana nambala imodzi mozungulira antchito onse. Kakaima, akuganiziridwa ndi mpanda kapena njira yolakwika. Kakadutsa, amakulitsa uthengawo pang'onopang'ono, ndipo pamene waimira pamaonetsa ngati vuto lili pa kukula kwa mapaketi. Amayesanso makompyuta awiriawiri, chifukwa m'gulu la makompyuta 20 wolakwa amatha kukhala mmodzi yekha.

Njira ikapezeka kuti ili bwino, maso amatembenukira ku pulogalamu. Apa funso ndi lakuti wantchito aliyense waima pa mzere uti. Ambiri amayamba ndi kuika mawu oti wantchito azilemba akafika pamalo akutiakuti. Njira imeneyi imathandiza, koma imanyenga ngati mawuwo akusungidwa kaye asadaonekere, chifukwa mawu otsiriza kuoneka sakhala malo enieni pamene ntchito yaima. N'chifukwa chake wantchito aliyense amayenera kulemba mu failo yakeyake, ndipo mawuwo azitulutsidwa nthawi yomweyo.

Njira yodalirika kwambiri ndi kufunsa wantchito ali chiimire. Chida chotchedwa gdb chimatha kulumikizidwa kwa wantchito amene akuyenda n'kuonetsa mndandanda wa malamulo amene adadutsa kufika pamene ali. Mayankho a antchito onse akaikidwa pamodzi, chithunzi chimaoneka. Ngati antchito 63 mwa 64 ali pamsonkhano wa gulu ndipo mmodzi ali kwina, nkhani ili kwa mmodziyo. Ngati onse ali pa lamulo lotumiza, ndiye madengu aja. Ngati akudikirana mozungulira, wofufuza amajambula pa pepala mivi yosonyeza amene akudikira mnzake mpaka mzere utadzitseka. Pa makina a antchito zikwizikwi pali zida zochita izi zokha. Malo a kafukufuku a Lawrence Livermore ku United States adapanga chida chotchedwa STAT, chimene chimaika m'magulu antchito oima pamalo amodzi. China, chimene chimayang'anira mauthenga ntchito ili mkati n'kutchula pamene pali kudikirana kosatha, chidapangidwa mothandizana ndi mayunivesite a ku Germany ndipo dzina lake ndi MUST, lofanana mwangozi ndi la yunivesite ya sayansi ya ku Thyolo.

Lamulo limodzi limayenda ndi masitepe onsewa: kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kulemba chimene chasinthidwa. Wosintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ngakhale ntchito itayenda, sadziwa chimene chachiza, ndipo vutolo likadzabwerera adzayambiranso pachiyambi.

Kutchinga madzi akadali m'nkhongono

Popeza ntchito yoima sidzidzutsa yokha, malo olosera nyengo amaika alonda. Mapulogalamu ogawa ntchito pa cluster, monga Slurm, amalola kuti ntchito iliyonse ipatsidwe malire a nthawi, ndipo ikapitirira amaidula. Ena amalemba kapulogalamu koyang'ana failo ya zotsatira, kamene kamachenjeza woyang'anira failoyo ikakhala mphindi zingapo osakula. Pulogalamu ya WRF imatha kusunga pamene yafika pakapita nthawi yoikika, kotero ntchito imene yaima pa tsiku lachitatu la ulosi imayambiranso pafupi ndi pomwepo, osabwerera ku tsiku loyamba. Batire losungira mphamvu limayenera kuteteza switchi ndi disiki ya gulu lonse, osati makompyuta okha. Ndipo chilichonse chikasinthidwa pa netiweki, kapulogalamu kozungulira kaja kamayenera kuyendetsedwa kaye ntchito yeniyeni isadayambe.

Luso limeneli silifuna makina a mabiliyoni kuti munthu aliphunzire. Mu 1994, Thomas Sterling ndi Donald Becker a ku NASA adalumikiza makompyuta wamba 16 n'kupanga gulu lotchedwa Beowulf, ndipo kuyambira pamenepo mayunivesite osauka akhala akumanga magulu awo ndi zida za pamsika. Makina a Ranger a ku Texas atapumitsidwa mu 2013, zigawo zake zidatumizidwa ku South Africa, Botswana ndi Tanzania kuti ophunzira aziphunzirirapo. MPICH, Open MPI, WRF ndi gdb zonse ndi zaulere. Makompyuta anayi akale, switchi imodzi ndi nthambo zochepa n'zokwanira kuti wophunzira wa ku Zomba, Thyolo, Mzuzu kapena Bunda akumane ndi vuto lililonse limene latchulidwa pano n'kuphunzira kulithetsa.

Phindu lake limaonekera pa ulosi wa madera ang'onoang'ono. Pulogalamu ya dziko lonse imaona dera la makilomita 9 ngati kadontho kamodzi, pamene mvula ya mabingu imatha kugwa pa Wimbe n'kusiya mudzi woyandikana nawo uli gwa. Kuti tizigawo tichepe kufika pa makilomita atatu, chiwerengero chake pa dera lomwelo chimachuluka ka 9, ndipo masitepe a nthawi nawonso amachuluka pafupifupi katatu. Ntchito yotere imafuna makompyuta ambiri, mauthenga ambiri, ndi anthu odziwa kupeza uthenga umene wasochera.

Kwa Wimbe nkhani ya kulumikiza zida zakale si yachilendo. Ndi komweko, m'mudzi wa Masitala, kumene William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ija, adawerenga buku la sayansi la mu laibulale ya pasukulu ya pulaimale ya Wimbe, n'kumanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala la zitsulo. Mlimi wa kumeneko safunika kudziwa za MPI_Send kapena chipata 22. Chimene amafuna n'chakuti madzulo a tsiku limene mvula yagwa, asadazule mbande pa nazale, wailesi imuuze ngati kukubwera ng'amba. Kuti mawuwo afike pa nthawi yake, penapake pamayenera kukhala munthu amene adaona kuti failo yasiya kukula, n'kupeza wantchito mmodzi amene anzake onse ankamudikira.